Kachubu Nambala 0417

Ku Oulu mwezi wa Meyi dzuwa limazengereza kulowa.
Naini koloko usiku zenera la labotale likadali mbee,
ndipo mitengo ya koivu m'mbali mwa mtsinje
ikukutumulira mungu wachikasu
pa magalimoto, pa zishalo za njinga, m'tsitsi la odutsa.
Mzinda wonse ukuyetsemula.

Patsogolo panga pali timachubu makumi anayi.
Maina sindiloledwa kuwadziwa,
kalikonse kavala nambala yake ngati mkaidi.
Koma 0417 ndamuona m'mawa pakhonde,
wa zaka zisanu ndi ziwiri, sokosi zosiyana mitundu,
mayi ake akumuitana kuti Aarni.
Namwino Raakel anamupatsa kapaipi kuti auzire,
pa kompyuta kamtambo kakuyandama:
usakagwetse, usakakweze, uzira pang'onopang'ono.
Anauzira mpaka makutu psuu.
Kamtambo kanagwa kawiri.
Kachitatu makina analemba nambala,
iye n'kufunsa ngati wapambana.

Tsopano magazi ake azungulira m'makina mphindi khumi,
agawikana: ofiira pansi, pamwamba madzi onga uchi wosungunuka.
M'madzi amenewa ndimo tikusaka.
Sitikusaka kachilombo, palibe mdani walowa.
Thupi lokha ndilo laona fumbi la duwa
n'kuliza mfuu, n'kutseka zitseko zonse za m'chifuwa
mwini nyumba ali m'katimo.
Tikufuna kapuloteni kamodzi kamene kamayamba kukuwa,
kaphazi kamene kamaponda mphumu isanafike,
kuti dokotala adzanene Lolemba
zimene chifuwa chidzachite Lachinayi.

Pa maikulosikopu maselo aja ndawapaka utoto.
Ena amamwa wofiirira n'kuwala ngati makala.
Ndimawerenga ndi chala pa kabatani: tha, tha, tha.
Ndi okongola, ndiye vuto lake.

Kuwerenga ndinayamba kale, ku Kuusamo,
m'chipinda chimodzi ndi mlongo wanga Jalmari,
ine bedi lapamwamba, iye lapansi.
Usiku chifuwa chake chinkalira tswii, tswii,
ngati chitseko chosowa mafuta,
ine n'kumawerenga, osagona,
kuopa malo a zii pakati pa mpweya ndi mpweya.
Atate anapereka mphaka kwa aneba.
Amayi anachotsa kapeti, makatani, pilo wa nthenga.
Palibe ankadziwa wolakwa,
choncho tinathamangitsa onse.

Jalmari sanafe. Amayendetsa lole ya matabwa,
kopopera mankhwala kali m'thumba la jekete.
Amaimba foni akaima kumwa khofi:
Nanga mwapeza?
Ndimuuze chiyani?
Kuti kapuloteni kathu kanakwera mwa ana khumi ndi asanu ndi anayi,
mwa ena onse kanangokhala duu?
Kuti Dokotala Hellevi anayang'ana mzere pa pepala,
navula magalasi, nati mwina ndi phokoso chabe,
tidikire mungu wa chaka chamawa?
Ndimati tikadali pa ntchito.
Amaseka, kusekako n'kuthera m'chifuwa,
ine n'kupezeka ndayambanso kuwerenga.

Madzi a 0417 ndawagawa m'timabotolo tisanu.
Kamodzi ka lero. Tinayi tikagona m'firiji
yozizira kuposa Januwale aliyense amene mzinda uno unaonapo,
kudikira funso limene sitinaphunzire kufunsa.
Mwina adzatitsegula munthu amene lero ali ku mkaka.
Ndikatsegula chitseko, nthunzi yoyera imatsikira pa nsapato zanga.

Ndavula magolovesi, ndalemba nthawi m'buku.
Kunja kukuderabe, sikunade.
Chishalo cha njinga yanga chachita chikasu.
Ndachipukuta ndi mkono wa juzi,
ndayang'ana fumbilo kanthawi,
lopepuka chonchi, losalakwa chonchi.
Kwinakwake kuseri kwa mlatho Aarni wagona,
ndipo wina m'nyumbamo ali maso.